Wogwira Mbali Inayo ya Shiti

"Siya njingayo, iwe," anatero a Dinala, dzanja lawo litakanirira pa handulo.

Swadick sanaisiye, ndipo amjomba akewo sanawayang'ane n'komwe. Maso ake anali pa belu la njinga, chala chikulisisita mozungulira ngati pali fumbi loti lichoke. Anali atavala yunifolomu yoyera ya ku hotelo, yositidwa mpaka mizere kuima njo, pakati pa bwalo limene linkayamba kudzaza ndi amuna a mikanjo ndi makofia. Linali tsiku lachitatu chiwaikireni m'manda bambo ake, a Yunus. Linali tsiku la sadaka, ndipo mwana wamwamuna yekhayo wa malemuwo ankapita ku ntchito.

"Lero ndi Lachinayi," anatero Swadick, akuuza belu lija. "Lachinayi timasintha mashiti."

"Mashiti! Anthu akubwera kudzawapempherera bambo ako, iwe uli pa mashiti?"

Amida, mlongo wake wamkulu, anaima pakhonde ndi lichero la mpunga m'manja, osadziwa kuti alitule kapena apitirize kupeta. Chifikireni kuchokera ku Blantyre kumene anakwatiwa, zinthu zinkangomuyendera choncho: akagwira ichi, chija chagwa. Anafika mochedwa, jeneza ya mtembo itanyamulidwa kale, poti Asilamu sagoneka maliro. Nkhope ya bambo ake sanaione. Chimene anapeza pa siwa ndi nkhani, ndipo nkhani yake sinali ya imfa ayi, inali ya Swadick. Ati kumanda, shehe ataitana mwana wa malemu kuti atsikire m'dzenje akalandire thupi, iye anatseka makutu ndi zikhato n'kukaima kuseri kwa mtengo. Ati msozi sanagwetse ngakhale umodzi. Ati m'mawa mwake anapalasa njinga kupita ku ntchito ku Makokola ngati kunja kuno sikunachitike kanthu.

Swadick anayamba kung'ung'udza chapansipansi, thupi likugwedezekera kutsogolo ndi kumbuyo. Amuna amene anali pamphasa anatembenuka onse. A Dinala, munthu woopa manyazi kuposa njoka, anachotsa dzanja lawo msangamsanga n'kuliika m'thumba la mkanjo. Swadick anakankha njinga mpaka pageti, anakwera, napita osacheuka.

"Amida," anaitana a Dinala. "Tula mpungawo. Tiye kwa mayi ako."

A Mwanamvua anali m'chipinda chamkati, pamkeka, atafunda nsalu mpaka kumaso. Anali atayamba eda, nyengo imene mkazi wamasiye amabindikira pakhomo kwa miyezi, osapita kumsika kapena kumunda. A Dinala, amene anali mlongo wawo, anakhala pampando wa malemu osafunsa. Amida anagwada pafupi ndi khomo.

"Nkhani yake ndi yaifupi," anayamba a Dinala. "Sadaka ikatha lero, mwanayu ndikupita naye ku Chowe. Ndi wa ku mtundu kwathu, ndipo wosenza katunduyu ndine. Kumeneko kuli munda, kuli mbuzi, kulibe alendo oti azimuseka. Ntchito ya ku hoteloyo akaipemphe Bilal wanga, kuti isatuluke m'banja. Chimene azilandira azikuthandizani nacho achemwali, mpaka eda ithe."

"Koma amjomba, ntchitoyo amaitha," anatero Amida. Mawuwo anatuluka ofooka, chifukwa ngakhale iye mwini sankadziwa ngati anali oona.

"Amaitha? Dzulo a ku hoteloko aimba foni kuno. Akuti chimwalirireni alamu, akungoima. Amene ankagwira ntchito anali bambo ako, uyu ankangoperekeza. Tisanamizane. Nanga iwe ukabwerera ku Blantyre, mayi ako ali m'nyumba chonchi, akagwa mumsewu amutole ndani? Wallahi, ine sindikumuda mwanayu. Ndikufuna akhale pamene diso langa likufika."

Chimene chinamuwawa Amida n'chakuti amjomba sankalankhula zopusa. Akanakhala munthu wankhanza zikanaphweka, akanangowada basi. Koma funso lawo linali lomwelo limene iye ankadzifunsa chifikireni, ndipo yankho analibe.

Swadick analankhula mochedwa ali mwana. Ankalira akamva chigayo, ankakana kunyamulidwa, ankatha tsiku lonse akundandalika zitsekerero za mabotolo pakhonde. Anthu ananena zawo, poti pakamwa salipira msonkho wa boma: ena amvekere majini, ena amvekere a Yunus anakhwimira mwana kuti alemere. Kulemera kwake kuti, munthu wochapa zovala za alendo pa hotelo? A Yunus anapita naye kwa madokotala ku Zomba, ndipo anabwerako ndi mawu amodzi achilendo, otizimu. Mawuwo anayenda nawo paliponse. Anawafotokoza ku madrasa, anawafotokoza pa mzikiti Lachisanu, anawafotokoza ngakhale kwa anthu amene sanafunse. "Si misala, si majini," ankatero. "Mutu wake umamva zinthu mokweza kuposa wathu. Mukamupatsa mpata, amachita." Swadick atakula, a Yunus anavutitsa bwana wa hotelo mpaka bwanayo anatopa n'kumulemba ntchito kochapira, pambali pa bambo ake. Izi Amida ankazidziwa. Koma zaka zonsezi akaimba foni n'kufunsa za mlongo wake, yankho linali limodzi, lonenedwa monyadira: "Ali pa ntchito." Za mkati mwa ntchitoyo sankadziwa kanthu.

"Amama, inu mukuti bwanji?" anafunsa.

A Mwanamvua anakoka nsalu yawo. "Ine mutu wanga sukugwira, mwanangu. Wa pakhomo pano ndimamudziwa ine: chimene amadya, pamene amakhala, kapu yake. Wa ku ntchito ankamudziwa ndi bambo ako. Ndiye apita naye kumanda." Kenako anawonjezera osayang'ana mlongo wawo. "Koma ku Chowe anapitako kamodzi ali wamng'ono. Atayamba kukuwa anamutsekera m'nyumba ya mbuzi. Anabwerako osalankhula mwezi wathunthu."

"Zakale zimenezo," anatero a Dinala, akuimirira. "Amida, kamutenge. Shehe asanayambe pemphero la duwa akhale ali pano, atavala mkanjo ngati mwana wa munthu. Ndipo umulongedzere chikwama."

Amida anakwera kabaza pamsewu waukulu. Dzuwa linali litakwiya kale. Anadutsa milambe, anadutsa amayi ogulitsa usipa wouma pa matebulo a bango, anadutsa minibasi imene kondakitala wake ankakuwa za ku Monkey Bay kwa anthu amene sankapita kulikonse. Njira yonse ankakonza mawu oti akamuuze Swadick, koma akafika pa mawu akuti Chowe, zonse zinkabalalika. Sankadziwa ngati akupita kukamupulumutsa mlongo wake kapena kukamupereka. Ndipo pansi pa zonsezo panali funso lina limene ankachita nalo mantha: kodi Swadick akudziwa n'komwe kuti bambo ake amwalira? Kapena m'mutu mwake a Yunus angochedwa, afika?

Pa geti la kumbuyo kwa hotelo anakumana ndi a Trevor, oyang'anira zipinda ndi kochapira, mwamuna wa msinkhu wake yemwe, wa tayi yokhota ndi thukuta pamphumi. Anamupepesa za maliro mwaulemu wonse, kenako anapumira m'mwamba ngati munthu amene wapeza womutula mtolo.

"Mwachita bwino kubwera, mayi. Ine zandisokoneza. Musamve ngati sakugwira ntchito, ayi. Kuchapa akuchapa, kusita akusita, matawelo ndi mapilo akupinda yekha bwinobwino. Vuto ndi mashiti aakulu, a mabedi a anthu awiri. Amene aja sapindika ndi munthu mmodzi. Wina amagwira ngodya ziwiri uku, wina uko, mumakoka, kenako mumayenda kukakumana pakati kuti wina alandire ngodya za mnzake. Zaka zonsezi mbali inayo ankagwira a Yunus."

"Ndiye wina sangagwire?"

"Tayesa! Ndabweretsa a Mabel kuchokera ku zipinda kuti alowe m'malo mwa malemu. Amalola kuti agwire, amalola kukoka. Koma akangoyamba kumuyandikira, amataya shiti n'kuthawira kukhoma. Ndayesa ine, chimodzimodzi. Kenako amatolanso ina, n'kuima nayo, kudikira. Dzulo waima choncho mpaka kuweruka." A Trevor anapukuta nkhope ndi kansalu. "Ine za otizimu ndinaphunzirako, anatituma ku maphunziro ku Lilongwe. Anatiuza za phokoso, ndazimitsa wailesi. Anatiuza za kuwala, ndachotsa babu limodzi. A Mabel asiya kudzola mafuta onunkhira. Palibe chasintha. Loweruka tili ndi ukwati, zipinda zonse zadzaza. Kochapira ndi kwa anthu awiri basi, ndipo bwana akuti ngati sangapinde ndi a Mabel, tilembe wina amene angathe. Ine sindikufuna zimenezo, mayi. Koma sindikudziwa chimene malemu ankachita. Tinangozolowera kuti a Yunus alipo."

Kochapira kunali kotentha ngati m'uvuni wa buledi. Makina aakulu ankazungulira pakona, akugwedeza pansi. Patebulo panali mulu wa mashiti ositidwa, oyera mbee, osapinda. Pakati pa chipindacho panaima Swadick, manja atatambasula, ngodya ziwiri za shiti zili pakati pa zala zake, mbali inayo itagona patebulo. A Mabel, mayi wonenepa wa kamtanda m'khosi, anakhala pa ndowa yovundikira, atagwira tsaya.

"Achemwali ake ndinu?" anafunsa a Mabel. "Yesani inu, mwina magazi amvana. Ine ndamunyengerera, ndamuimbira ndi nyimbo zomwe. Mwana amene ndimadya naye mandasi tsiku lililonse, lero akundithawa ngati ndine fisi."

Amida anatula chikwama chake, napukuta manja pa chitenje. Anatola ngodya ziwiri zija patebulo. Shiti inadzuka pakati pawo, Swadick anakoka, iye anakoka, nsalu inalira phwa. Anamwetulira kumwetulira konse kumene anali nako, nayamba kuyenda.

"Ndine, Swadick. Ndine Amida. Tandiyang'ana, usaope. Taona, ndikubwera pang'onopang'ono. Tandiyang'ana kuno, m'bale wanga."

Anamuyang'ana m'maso mwachikondi, monga mmene aliyense amamuyang'anira m'bale wake wamasiye. Atatsala pang'ono kuti manja awo akumane, nkhope ya Swadick inakwinyika ngati wapsa ndi simbi. Anataya ngodya zake. Shiti inagwera pansi ponyowa. Iye anabwerera chambuyo mpaka msana kugunda khoma, nayamba kudzimenya khutu ndi chikhato, akung'ung'udza mokweza.

Nthawi yomweyo foni inalira m'chikwama. Amida sanafunike kuyang'ana kuti adziwe woimbayo. Makina anafika pokamula madzi, nayamba kukuwa. A Trevor ankanena china chake pakhomo, a Mabel ankanena china chosiyana. Amida anayang'ana shiti yoyera ija ikumwa madzi akuda pansi. Anakhala pansi pomwepo. Pa siwa analira monga amalirira anthu, pamodzi ndi azimayi anzake, mwa mwambo wake. Uku kunali kulira kwina, kopanda ulemu, kwa mwana amene wasochera mumsika. Ankawafuna bambo ake. Ankawakwiyiranso, kuti munthu angafe bwanji osauza aliyense mmene zinthu zimayendera.

Sanaone pamene Swadick anachoka kukhoma. Anangomva makina azima, chipinda chonse n'kukhala zii. Kenako chinthu chofunda chinamugwera pamapewa. Inali shiti ina ya pamulu paja, yotenthabe ndi simbi. Swadick anaizunguliza, anaikoka mwamphamvu, naimanga kutsogolo kwake, osamukhudza khungu ngakhale pang'ono. Thupi la Amida linachita tsemwe, poti nsalu yoyera yokulunga munthu m'sabata ya maliro imakumbutsa sanda yovekera mtembo. Anafuna kuivula. Koma nsaluyo inamugwira zolimba ndi mofunda, ndipo anapeza kuti mpweya wake wayamba kutsika wokha.

Swadick anapita pakhomo. Anaima atamufulatira, manja atagwira mafelemu a chitseko uku ndi uku, kutsekereza a Trevor amene ankafuna kulowa. Atalankhula, mawu ake anatsika, nakhala aakulu ndi odekha, a munthu wachikulire.

"Dikirani panja, bwana. Palibe cholakwika. Mutu wadzaza, uphwa wokha. Musamufunse kanthu."

A Mabel anagwira pakamwa. "Mawu a a Yunus amenewo," ananong'ona, misozi ikutsika. "Mwanayu zikamuchulukira, ankamufunditsa choncho, n'kuima pakhomopo ngati mlonda. Ngakhale bwana wamkulu ankabwezedwa."

Panapita nthawi. Foni inalira kachiwiri, inatopa, inaleka. Kunja kunkamveka madzi akudontha pa mpopi ndi njiwa padenga. Amida anapukuta nkhope ndi ngodya ya shiti. Ankayang'ana msana wa mlongo wake, ndipo maganizo ena anamufikira mochedwa, mochititsa manyazi. Chichitikireni maliro aliyense ankalankhula za Swadick: amjomba, amayi, a Trevor, anthu a pa siwa, iye mwini. Anamukonzera ulendo, anamuchotsera babu, anamuimbira nyimbo. Koma sanamve munthu ndi mmodzi yemwe akumufunsa mwini wakeyo.

"Swadick," anatero motsitsa, akuyang'ana pansi. "Ababa ankapinda bwanji shiti?"

Swadick anangogwirabe mafelemu a chitseko. Amida anatsegula pakamwa kuti abwereze funsolo mwa njira ina, koma anakumbukira mawu a pakhomo aja, nadziluma lilime. Anadikira. Kudikirako kunatalika mpaka a Trevor anasuntha phazi, a Mabel n'kuwaopseza ndi chala.

"Ababa amatsinzina," anatero Swadick, akuuza felemu la chitseko.

"Amatsinzina?"

"Akamabwera amatsinzina. Maso amawotcha akayandikira. Ababa amatsinzina, ine ndimatenga ngodya."

"Ambuye Yesu!" A Mabel anadzuka pa ndowa paja, ndowa n'kugubuduka. "Kutsinzina kuja? Aa, koma ife ndiye mbuzi zenizeni! Tonse tinkawaona, a Trevor, inunso munkawaona. Mkulu uja akamapinda mashiti ankayenda maso ali chitsekere, kukamwa kuli chete. Ife timvekere ndi mapemphero a Chisilamu, akutchula maina a Mulungu chamumtima. Tinkadutsa monyang'ama kuopa kuwasokoneza. Ine mpaka ndinkauza anzanga ku tchalitchi kuti kuntchito kwathu kuli Msilamu wopemphera kuposa abusa!"

A Trevor anangogwira m'chiuno, akupukusa mutu. "Zaka zonsezi," anatero. "Ine ndinkachita kutsitsa mawu ndikamadutsa."

Swadick anachoka pakhomo. Anatola shiti yonyowa ija, naiponya m'dengu la zochapa, natenga ina pamulu. Anapeza ngodya zake ziwiri, naima pamalo pake. Kenako analankhulanso, ndi mawu ake enieni tsopano, osakwera osatsika.

"Ababa amwalira Lachiwiri. Ali kumanda. Sabweranso. Mbali inayo ilibe munthu."

Apa m'pamene Amida anadziwa kuti mlongo wake ankadziwa zonse, ndi kuti kuima kuja, manja ali m'malere tsiku lonse, kunali kulira kwake.

A Mabel anamanga chitenje chawo mwamphamvu. "Tiyeni tione," anatero. Anagwira ngodya zinazo. Anakoka, nsalu inalira. Anatsinzina mwamphamvu ngati mwana amene akumwa mankhwala owawa, nayamba kuyenda mokhotakhota, chiuno n'kugunda tebulo. "Mayo!" anatero, koma maso sanatsegule. Swadick anapita kutsogolo, anatenga ngodya m'zala zawo, anawerama n'kutola pansi pa mpindiro, nabwerera m'mbuyo. Anakokanso. A Mabel anabweranso mumdima wawo. Shiti inachepa, inachepanso, mpaka inakhala kabokosi koyera m'manja mwa Swadick. Anakaiika pa shelefu, naisalaza ndi chikhato.

"Ina," anatero.

A Trevor anatulutsa mpweya wautali. "Ndikawauza bwana," anatero. "Ndipo aliyense wodzalowa muno adzayamba wamva zimenezi. Tizimufunsa mwini wake, zinazo atiuze yekha." Anatuluka akuwongola tayi yawo, koma inakhala yokhotabe.

Foni inaliranso. Amida anamasula shiti ija pamapewa, natenga foniyo, koma asanayankhe anatembenukira kwa mlongo wake, maso ali pa shelefu.

"Swadick, amjomba akufuna upite nawo ku Chowe, ukakhale kumeneko. Ukufuna?"

Anadikira. Ulendo uno kudikira sikunamuvute kwambiri.

"Ayi," anatero Swadick.

Amida anatulukira pakhonde la kochapira. Mawu a a Dinala anali atakwera kale asanapereke n'komwe moni. Shehe wafika, mpunga wapsa, anthu akufunsa, iwo awayankhe chiyani?

"Amjomba, pepani. Ku Chowe sapita. Ndamufunsa, wakana. Ntchito akugwira, ndaona ndi maso angawa."

"Wamufunsa? Kufunsa ameneyo? Iwe Amida, mzinda wakuzunguza mutu. Nanga ukapita kwa amuna ako, azimuona ndani?"

"Sindikudziwa, amjomba."

"Sukudziwa!"

"Sindikudziwa. Ndikhala kaye mpaka ndidziwe. Duwa yambani, ife tifika nthawi yake yopuma ikakwana. Akaima kumbuyo, kutali ndi anthu, ndipo musamukokere kutsogolo."

Kumbali inayo kunamveka kutsonya, foni n'kuduka. Amida anaima akuyang'ana foniyo. Chibadwire anali asanawakanirepo amjomba ake. Sankadziwa chimene akauze mwamuna wake ku Blantyre, sankadziwa ngati a Dinala adzapondenso pakhomo pawo, sankadziwa kuti ndi zinthu zingati zina zimene bambo ake ankachita mwakachetechete zimene zidzatulukire mawa ndi mkuja. Chimene ankadziwa n'chakuti chikwama sakalongedza.

Atabwerera mkati anapeza mulu uja watsikako. A Mabel ankasisita chiuno chawo, akuseka okha. Swadick anali ataima kale ndi shiti ina.

"A Mabel, pumani pang'ono," anatero Amida. "Ndigwireko imodzi."

Anatola ngodya ziwirizo. Anakoka, nsalu inalimba pakati pawo. Kenako anatseka maso.

Sankayembekeza kuti zingakhale zoopsa chonchi. Pansi panali poterera. Kwinakwake kudzanja lamanja kunali simbi yamoto, kumanzere tebulo la ngodya yakuthwa. Thupi lonse linkamuuza kuti atsegule maso, aone kumene akupita, aone nkhope ya amene akumuyandikira. Anaganiza za bambo ake, mkulu wa mawondo otupa ndi msana wopweteka, akuyenda mumdima umenewu m'mawa ndi masana, shiti ndi shiti, chaka ndi chaka, osauza munthu, kuti mwana wawo apeze pogwira ntchito osapsa ndi maso a bambo ake omwe. Anaponya phazi, naponya linzake, manja ali patsogolo.

Ngodya zija zinachoka m'zala zake mofewa, popanda chala china kumukhudza. Anaima pomwepo atatsinzinabe, manja ali m'malere opanda kanthu, akumva nsalu ikupindika chapafupi.

"Achemwali," anatero Swadick. "Tsopano mutha kuyang'ana."